Akuti Bambo Ako Sanabadwe

Alexandra, Joni
Lamulungu, 13 Juni 1999, 3 koloko masana

Mwana wanga Letiya,

Ndakhala pansi tsopano nditachoka ku tchalitchi, miyendo ili m'beseni la madzi ofunda, pepala lili pabondo, ndiye ukaona zilembo zikuvina usaseke. Kaya muli bwanji kumeneko, iwe, amuna ako ndi adzukulu anga? Ine ndili bwino, kungoti chisanu chafika ndi mano ake onse. Bambo ako ali bwinoko. Chifuwa ndi chomwe chija cha fumbi la mumgodi, ukuchidziwa.

Ndapatsira a Bwanali, oyendetsa katundu aja, marandi mazana awiri ndi mabulangete awiri. Ndalamazo ugule feteleza mitengo isanapenge. Bulangete lofiira ndi la mdzukulu wanga Sitelia popeza ndamva kuti wakhoza mayeso. Linalo ndi lako. Ndati lako. Ndikadzamva kuti akufunda azakhali ako a NaNyoni, ndidzabwera wapansi kudzawavula. Mayi amene uja ananditcha mfiti yosandutsa mlongo wawo mtchona, pamaso pa anthu, pamaliro, ndipo ine ndinalumbira pomwepo kuti sindidzawapempha kanthu, ngakhale mchere. Zaka khumi ndi chimodzi zapita, mchere ndikugula ndekha.

Kuntchito kwathu kwabuka mkangano. Ndikuphikabe tiyi ndi kusesa kwa Bokosi, kampani ija yonyamula mitembo ya anthu a m'migodi kupita nayo kwawo. Bambo ako analembetsa komweko kalekale ndipo anamaliza kulipira zaka zisanu zapitazo. Kubwerera ali moyo anakana, akuti akaonetsa chiyani kumudzi, koma mafupa awo akuti asatsale kuno. Akufuna kukagona pafupi ndi mayi awo kwa Chimphalika. Ndi chinthu chokhacho chimene mwamuna ameneyu anachita mwanzeru, kupatula kukwatira ine.

Tsono mayina onse a olembetsa ali m'makina a kompyuta, ndipo akuti makinawo anaphunzitsidwa ulesi. Chaka amalemba manambala awiri otsiriza okha, 99 m'malo mwa 1999. Ikadzafika Januwale adzaona 00, ndipo sadzadziwa ngati dziko likuyamba kapena latha. Ndinafunsa kuti nanga osangowauza bwanji? Anandiseka.

Eni ndalama, amene anathira chuma chawo m'kampani, alipo asanu ndi awiri, ndipo amakumana Lachinayi lililonse m'chipinda cham'mwamba. Ine ndimalowa ndi thireyi. Iwo amayesa wonyamula tiyi alibe makutu. Okokana kwambiri ndi awiri. A Haasbroek, mzungu wokalamba amene anayambitsa kampani, tsitsi linasamuka pamutu n'kukamera m'makutu, akuti paitanidwe anthu akale awerenge malamulo a m'makinamo mzere ndi mzere, akonze ndi manja. A Mashilo, bambo wa suti yonyezimira amene analowa ndi ndalama zambiri chaka chatha, foni siichoka pakhutu, akuti kunja kuli chida chimene chimakonza chokha m'masabata atatu. Ine ndawatcha a Mtondo ndi a Chigayo.

Denga la khitchini ulifolere mvula isanayandikire. Usadikire amuna akowo, ndimawadziwa.

Ndine mayi ako,
NaNgozo


Lamulungu, 25 Julayi 1999

Letiya mwana wanga,

Kalata yako ndinalandira ndipo ndakondwa kuti nonse muli moyo. Ife tilipo. Bambo ako anagona masiku anayi osatuluka, koma tsopano akukhala padzuwa pakhomo n'kumanyoza odutsa, ndiye kuti akuchira. Wafunsa ngati apita kwa dokotala. Anapita. Zimene ananena dokotala ndi zachingerezi, ndidzakuuza tikadzaonana.

Kuno malasha akwera, buledi wakwera, chotsika ndi mawere anga okha.

Za kuntchito. A Haasbroek anakatenga Mai Padayachee, mmwenye wa ku Lenasia, gogo ngati ine ndemwe, amene analemba malamulo a makinawo ndi dzanja lake zaka makumi awiri ndi zisanu zapitazo. Anapuma kale pantchito, koma wabwera ndi magalasi ake okhuthala ngati pansi pa botolo. Tiyi samwera m'mwamba ndi mabwana, amamwera kukhitchini ndi ine, ndipo timakambirana za mawondo athu. Anandiuza kuti manambala awiri aja anadula ndi iye mwini, chifukwa nthawi imeneyo malo m'makina anali odula ngati golide. Akuti sankaganiza kuti iye kapena makinawo adzafika chaka cha 2000.

Lachinayi lapitalo kunali kuponya voti. A Mashilo anaimirira n'kuwerengetsa kuti mizere ilipo yoposa theka la miliyoni, ndipo mayi mmodzi wa maso awiri sangaimalize Januwale isanafike. Anati, "Mayi, inu mukamadzamaliza tonse tidzakhala titalowa m'mabokosi athu omwewa." Ena anaseka. A Haasbroek anamenya tebulo mpaka supuni zinalumpha, akuti sangapereke mayina a anthu kwa chida chimene sichinaonepo maliro. Koma atafunsidwa kuti amaliza liti, anangokanda m'khutu. Kunena zoona, Letiya, pa nkhani ya nthawi a Chigayo sananame. Komanso akuti kuli anthu ena olemera amene akufuna kuthira ndalama m'kampani, malinga aone chikalata chakuti makina akonzeka pofika Okutobala.

Mai Padayachee analankhula pang'ono. Anati chidacho n'chabwino posaka madeti, koma sichidziwa kuti deti ili ndi tsiku lolipira, ili ndi tsiku lobadwa munthu. Anapempha kuti chigwire ntchito, iye azitsata pambuyo n'kumaona. A Mashilo anati kulipira chida ndi kulipiranso mlonda wa chida n'kutaya ndalama kawiri. Anamupatsa mpaka Novembala basi. Mavoti anali asanu kwa awiri, a Chigayo n'kupambana. Ine ndikutolera makapu ndinang'ung'udza m'Chichewa kuti chigayo chimafulumira koma chimagaya ndi miyala yomwe. A Mashilo anafunsa kuti Mama akuti chiyani. Ndinati ndikuti shuga watha.

Mwayi wagwera ine. Chipinda chapansi chimene munkakhala makhadi akale a olembetsa akufuna kuikamo makina atsopano, ndiye andiuza kuti ndichotse makatoni onse, galimoto ya zinyalala idzatenge, popeza zonse zili m'kompyuta. Makhadiwo ndi okhuthala, ouma bwino. Ndakhala ndikunyamula katoni imodzi imodzi pa teksi. Amayaka pambaula kuposa nkhuni, ndipo bambo ako sakunjenjemeranso.

Mbuzi yaikazi ija musaphe ngakhale kubwere alendo otani.

Mayi ako,
NaNgozo


Lamulungu, 22 Ogasiti 1999

Letiya,

Moni nonse. Ndili bwino. Bambo ako akudya pang'ono, koma pakamwa pali moyo.

Ndikuuze zoseketsa. Dzuwa likapendeka timayatsa mbaula, ndipo ntchito yoponya makhadi pamoto yakhala ya bambo ako. Koma munthu wake saponya asanawerenge. Khadi lililonse amaliyandikitsa kumaso n'kutchula dzina, ndipo ena amawadziwa. Uyu akuti ankagona naye chipinda chimodzi ku komponi ndipo ankaba sopo. Uyu mwala unamudula zala. Uyu Msutu ankaimba bwino. Amati pita bwino mnzanga, kenako amaponya. Ine ndimati ponyani msanga, moto suyembekeza mapemphero.

Lachitatu khadi lina sanaliponye. Linali lawo. Sikinala Nyoni, lolembedwa ndi inki yabuluu, chidindo chofiira pakona chosonyeza kuti anamaliza kulipira. Anandionetsa pamene palembedwa chaka chobadwa, 1929, n'kuyamba kuseka mpaka chifuwa chinawagwira. Atapuma anandiuza chinthu chimene sanandiuzepo zaka makumi anayi ndi zitatu za ukwati. Akuti sanabadwe 29. Anabadwa chaka cha dzombe, 33. Chaka cha njala ija, 49, anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, kunyumba kulibe ndi gaga yemwe, ndipo olemba anthu opita kumigodi sankatenga ana. Anabwereka jekete ya malume awo, anaika nsanza m'mapewa, anadzola makala pachibwano, n'kuuza kalaliki kuti ali ndi zaka makumi awiri. Kalaliki anawerenga pazala n'kulemba 1 Januwale 1929. Mapepala onse a pambuyo pake anangotsata bodza lomwelo ngati ana a bakha.

Ndinati ndiye zaka zonsezi ndakhala ndikugwadira mkulu amene kulibe? Tikusiyana zaka ziwiri zokha, munthu amene ankandiuza kuti ndinali kumsana iye akuweta ng'ombe.

Anafuna kuti khadilo asunge m'Baibulo. Ndinati bodza sililowa m'Baibulo langa. Ndinalitsomphola n'kuliponya pambaula. Linapindika, linada, linatha. Iwo anangoyang'ana n'kunena kuti, "Wanditentha ndili moyo, NaNgozo." Ndinati musadandaule, muli m'makina, ndipo makina sapsa. Anati chinzake cha khadilo, chipepala chapinki, anatumiza kwa alongo awo chaka chimene analembetsa, kaya chiswe chinachisiya. Ndinati chiswecho chidye, chikamaliza chidye ndi mwini nyumba.

Tinaseka, koma iwo sanaponyenso khadi lina tsiku limenelo. Anati atopa.

Makatoni asanu ndi imodzi ndatentha. Otsala anatenga a zinyalala. Kwayamba kufunda tsopano.

Uza Sitelia kuti nsapato zija ndaziona, zikudikira mwezi uthe.

Ine mayi ako


Lamulungu, 14 Novembala 1999

Mwana wanga,

Ndakhala chete pafupifupi miyezi itatu, ukhululuke. Manja anali otanganidwa. Kaya mvula yayamba kumeneko? Mwadzala? Ine ndilipo. Bambo ako masiku ano amagona chokhala, chifukwa akagona chagada mpweya umawathawa. Nsalu zimene amatsokomoleramo ndimachapa ndekha, sindiyanika pachingwe cha anthu onse. Usauze ana.

Chida chija chinafika, chinagaya, ndipo chikalata chake anachipachika pakhoma m'galasi. A Mashilo amayenda ngati tambala wogonjetsa mnzake. A Haasbroek amangobwera kudzamwa tiyi.

Lachinayi linali tsiku lotsiriza la Mai Padayachee. Analowa mumsonkhano ndi kalata yamasamba awiri. Ndinamva zonse chifukwa ndinachedwa dala pothira mkaka. Akuti chida chija sichinawonjezere manambala osowa aja ayi. Changodula malire pa 30. Chikaona 30 kukwera m'mwamba chimati ndi zaka zakale, za 19. Chikaona 29 kutsika pansi chimati ndi zam'tsogolo, za 20. Pa masiku olipira zimenezo zili bwino. Koma pa masiku obadwa, aliyense wobadwa 1929 kapena kale kuposa apo, makina adzamuona ngati munthu amene sanabadwe, ndipo pakutha pa chaka amasesa okha zonse zimene akuziona ngati zolakwika. Anapempha mwezi umodzi kuti akonze ndi manja.

A Mashilo anati akagwiranso m'makinamo chikalata chapakhoma chija chitha mphamvu, ndipo olemera aja athawa. Kenako anati, "Komanso tinene zoona. Munthu wa mumgodi wa zaka makumi asanu ndi awiri, alipo ndani wamoyo?" Ananena ine ndikuwathirira tiyi. Ndinadzaza kapu bwinobwino. Anagwirizana kuti nkhaniyo adzaiona chaka chamawa. A Haasbroek anapinda kalata ija n'kuika m'thumba la jekete.

Kukhitchini, akutsuka kapu yake komaliza, Mai Padayachee anandifunsa chaka chimene anabadwa amuna anga. Ndinamuuza cha papepala. Anavula magalasi. Anafunsa ngati khadi lawo ndinalipatula pamene ndinkachotsa makatoni. Ndinati eya, lili m'Baibulo. Anati ndiye gonani tulo, m'bale wanga, ndi khadilo palibe angakukanizeni. Anandisiyira kapu yakeyo ndi nambala ya foni.

Ukamadutsa kwa Chimphalika, uyang'ane ngati azakhali ako akadali ndi chitini chija cha mabisiketi chimene ankasungamo makalata. Usafunse. Ungoyang'ana. Ndipo usanene kuti ndakutuma ine. Kapena zisiye, ndangoganiza chabe.

Ndatumiza shuga, sopo ndi nsapato za Sitelia. Zikakula aikemo nyuzi, mapazi amakula.

Mayi ako,
NaNgozo


Lamulungu, 2 Januwale 2000

Letiya,

Chaka chabwino kwa nonse. Dziko silinathe. Kuno anthu anagula makandulo, nsomba za m'zitini, kudzaza madzi m'migolo, akuti magetsi azima ndipo ndege zigwa ngati mango. Mayi wa nyumba yoyandikana nafe anatulutsa ndalama zake zonse kubanki, mwana wake n'kuziba. Ine ndinagona ndi nkhuku, ndinadzuka, magetsi ali ngwee, matekisi akulira mahutala monga mwa masiku onse. Dzulo a Mashilo anaimba foni kwa mlonda kuti makina adzuka bwino, ndipo Lachiwiri kuli phwando kuntchito. Ndikaphika ine.

Bambo ako ali m'chipatala chichokere Khirisimasi isanafike. Ali ndi chipaipi m'mphuno. Dzulo anandifunsa ngati makina aja awoloka. Ndinati awoloka. Anati ndiye nanenso ndiwoloka. Anandiuza kuti ndikulembere kuti malo awo ndi kumanzere kwa mayi awo, mbali ya mtengo wa msuku, osati kumunsi kumene kumadikha madzi. Ndinawakalipira kuti asiye kulankhula zopusa, koma ndalemba monga ananenera.

Mwina ndinkaopa pachabe. Koma chakudza sichiimba ng'oma.

Za chitini wandiyankha kuti chilipo, chili pansi pa bedi. Chabwino.

Mayi ako


Lachitatu, 19 Januwale 2000, m'mawa

Letiya mwana wanga,

Uthenga wa pafoni ya kumishoni unakufika, ndiye sindibwereza. Anapita Lachiwiri pa 11 Januwale, masana, ndili pomwepo. Sanavutike kwambiri. Ndikudziwa kuti kwa Chimphalika anthu asonkhana kale ndipo akufunsa kuti thupi lifika liti. Khala pansi uwerenge bwino.

Tsiku lotsatira ndinapita kuntchito, osati kukhitchini koma kukauntala yakutsogolo, ndi chikalata cha imfa m'manja. Pamakhala Refilwe, mtsikana amene ndimam'bisira mabisiketi. Analemba dzina, anadikira, analembanso. Anati, "Gogo, makina akuti munthu ameneyu kulibe." Anafufuza kwina n'kupeza ndandanda ya zimene zinasesedwa pakutha pa chaka. Munali manambala okhaokha, opanda mayina, ndipo pambali pa iliyonse palembedwa kuti tsiku lobadwa silinafike. Akuti bambo ako adzabadwa chaka cha 2029. Munthu ndamusambitsa ndi manja angawa, ali m'firiji ya chipatala ndi chikwangwani kuchala, akuti sanabadwe.

Ndinakwera m'mwamba. A Haasbroek anandigwira dzanja, maso ali ofiira, anati akuwakumbukira bambo ako, koma iwo pawokha sangasaine kanthu masiku ano. A Mashilo anandikhazika pampando, koyamba chiyambire. Analankhula mofatsa. Akuti eni ndalama agwirizana kuti amene mulibe m'makina abweretse khadi kapena chipepala chapinki, chifukwa akalipira mmodzi ndi pakamwa pokha, mawa kubwera anthu mazana ndi mitembo yongopeka. Akuti khadi muli nalo, Mama, si choncho? Mai Padayachee anatiuza kuti muli nalo.

Ndinatenga chikalata cha imfa chija n'kutsika pansi.

Achipatala akuti asunga thupi mpaka pa 10 Febuluwale. Likapanda kutengedwa, boma limakaika lokha, atatu m'dzenje limodzi, pamwamba kachitsulo ka nambala. Anzathu a kumudzi kuno asonkha, Mulungu awadalitse, koma zimene zapezeka sizingafikitse bokosi ngakhale pamalire a Beitbridge.

Ndiye tamvera. A Bwanali anyamuka mawa, afika kwanu Lamulungu, ndipo abwerera pakatha sabata. Tenga kalatayi upite nayo kwa azakhali ako. Usatume mwana, upite wekha. Ukagwade pakhomo m'malo mwanga. Ukawauze kuti khadi la mlongo wawo ndinatentha ine, ndi dzanja langa, chifukwa cha pakamwa panga. Asamve kwa wina. Ukawauze kuti m'chitini mwawo muyenera kukhala chipepala chapinki cha chaka cha 74, cha chidindo cha kampani, ndipo popanda chimenecho mlongo wawo sabwera. Akafuna kunditukwana, uwasiye atukwane mpaka amalize, ulembe zonse unditumizire, ndidzawerenga. Akanena kuti ndinamusandutsa mtchona ali moyo ndipo tsopano ndamusandutsa mtchona atafa, usawatsutse.

Ndinalumbira kuti sindidzawapempha ngakhale mchere. Ukawauze kuti NaNgozo akupempha.

Chikakhala kuti chiswe chinadya, undiimbire foni kuntchito. Usandibisire.

Mayi ako


Lamulungu, 6 Febuluwale 2000, nditachoka ku tchalitchi

Letiya,

Uzani adzukulu akumbe manda. Kumanzere, mbali ya msuku.

A Bwanali anafika Lachitatu, fumbi lili m'nsidze, n'kundipatsa kaphukusi komangidwa ndi luzi. M'kati munali pulasitiki ya shuga, m'kati mwake nsalu, m'kati mwa nsalu chipepala chapinki, chopindidwa kanayi, chopanda ndi kabowo komwe. Zaka makumi awiri ndi zisanu mayi amene uja wachisunga ngati dzira. Kalata munalibe. Koma pakona pa nsaluyo panali mfundo, ndipo nditamasula ndinapeza mchere wodzaza supuni imodzi. Ndinakhala pansi pomwepo pamsewu, a Bwanali anayang'ana kumbali.

Sindinapite nacho kukauntala. Tsiku lotsatira linali Lachinayi, ndipo ndinadziwa kuti olemera aja abwera kudzasaina, atatu, pamodzi ndi eni ndalama asanu ndi awiri. Ndinavala diresi yakuda, epuloni pamwamba. Anthu khumi, makapu ndinaika khumi ndi imodzi. Ndinathira onse, yotsalayo ndinaika pamalo popanda munthu, n'kuthira mkaka ndi shuga atatu monga ankakondera bambo ako.

A Mashilo anati, "Mama, mwaonjeza kapu."

Ndinati, "Sindinaonjeze. Iyi ndi ya mwana amene sanabadwe. Walipira kuno zaka makumi awiri, amweko asanapite kudzenje la boma." Ndinatambasula chipepala chija pambali pa kapu. "Munafunsa ngati alipo wa mumgodi wofika zaka makumi asanu ndi awiri. Analipo. Ndinkamuchapira."

Mmodzi wa alendo aja, mayi wa tsitsi loyera, anatenga chipepalacho n'kuwerenga, kenako anafunsa kuti ena otere alipo angati. Ndipamene a Haasbroek anapisa m'jekete n'kutulutsa kalata ija ya Mai Padayachee, itachita makwinya, n'kuwerenga nambala. Mazana anayi kudza khumi ndi awiri. Alendowo anabweza zolembera m'matumba. Pepala la bambo ako linasainidwa tiyi asanazizire.

Pambuyo pake a Mashilo anabwera kukhitchini, foni ili m'thumba. Anaima pakhomo n'kunena kuti agogo awo anafera mumgodi ku Welkom ndipo mpaka lero banja silidziwa pamene anaikidwa. Ndinawapatsa nsalu apukute makapu, ndipo anapukuta.

Mai Padayachee amuitananso, wayamba Lachisanu. Ndinamuuza zoona zonse za mbaula. Sanandikalipire, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa kutukwanidwa. Akuti manambala aja akhoza kuwatsata ndi manja, ena adzawapeza m'mabuku akale a malipiro, koma amene anamaliza kulipira kalekale ngati bambo ako sangawabweze popanda khadi kapena chapinki. Phulusa sangaliwerenge. Lamulo la eni ndalama silinasinthe, ndipo akukanganabe m'mwambamo kuti wolakwa ndi chida kapena munthu.

Tinyamuka Lachiwiri m'mawa pagalimoto ya kampani, ine kutsogolo, bambo ako kumbuyo. Akatisunga bwino m'malire tifika Lachisanu. Mbuzi ija tsopano muphe. Bulangete lako lija ukawapatse azakhali ako, ndidzakugulira lina. Za ntchito sindinafunse ngati ndidzaipeza pobwerera, ndipo sindikudziwa ngati ndibwerera.

Pali chimene chikundisowetsa mtendere. Makatoni asanu ndi imodzi, Letiya. Ndinawotha anthu. Mwa mayina amene bambo ako ankatchula ndakumbukira awa: Sandalamu Kapichi wa ku Ntcheu kwathu komweko, Faifi Zulanga wa ku Dedza, Loti Chipofya wa ku Mzimba, Jemusi Nampinga wa ku Mulanje, ndi wina ankangomutcha Antonio wa ku Angonia. Ena ndinkawadula pakamwa asanamalize kutchula. Kaya ali moyo, kaya akutsokomola m'zipinda zam'mbuyo ngati mmene ankachitira bambo ako, mitima ili m'malo kuti adzapita kwawo.

Kalatayi ifika ndi basi tsiku limodzi ife tisanafike. Ukatha kuwerenga usaisunge. Yamba ndi a NaNyoni, uwawerengere mokweza osadumpha liwu, ndipo uwauze kuti mchere wawo ndathira m'ndiwo za lero ndipo wakolera. Kenako upereke kwa akulu a mpingo aiwerenge pamaliro pomwepo, anthu ali ambiri, kuti aliyense amene ali ndi nkhalamba yake ku Joni yolembetsa kwa Bokosi akatsegule zitini ndi masutikesi, afune chipepala chapinki mwini wake akadapuma. Akatha apereke kwa mpingo wina, iwonso kwa wina, mpaka ifike ku Dedza ndi ku Mzimba. Ikang'ambika muikopere. Pepala ili lokha lisalowe pamoto.

Ndine mayi ako,
NaNgozo